ZA ULIMI WATHU: Cithunzi ca Mbozi Cimene Cinandinamiza

Sabata yatha ndinalonjeza kuti lero tidzakamba za kubandira cimanga, koma mundikhululukire, nkhani ija iyambe yadikira. Pali kanthu kena kamene kakhala kalikundibvuta mumtima, ndipo ndayesa nkwabwino kuti ndikuuzeni nonse pamodzi, popeza kakhudza mudzi uli wonse kumene kuli lamya ya m'manja yojambula zithunzi. Ndidziwa ena adzati, "Kodi mlangizi wayamba liti kuphunzitsa za makamera? Imeneyo si nchito ya anyamata a m'tauni?" Yambani mwamva cimene cinandionekera ine, ndipo pambuyo pace muweruze nokha.

Caka catha mwezi wa January, cimanga ciri m'maondo, bambo wina wa mudzi wa kutsidya kwa mtsinje anapeza masamba a cimanga cace atabooka-booka. Iye anacita bwino ndithu. Sanakhale pansi kudandaula, koma anaitana mdzukulu wace amene ali ndi lamya nati, "Jambula, titumize kwa alangizi." Mnyamata anajambula ali ciimire, mbozi iri pansi apo pa tsamba. Popeza analibe nambala yanga, anatumiza pa WhatsApp kwa wapampando wa kalabu yao. Wapampando, pofuna kundithandiza, anajambulanso cithunzi cija monga cinalikuonekera pa galasi la lamya yace, cimene anyamata amacicha sikirinishoti, nazunguliza mboziyo ndi mzere wofiira kuti ndiione msanga, natumiza kwa ine. Cimene cinandifika cinali tsamba lobiriwira ndi kanthu kotuwa pakati pace, konga kacidutswa ka luzi.

Ndinayang'ana, ndinacikuza ndi zala ziwiri, koma pokuza ndinangoona timabokosi-timabokosi. Tsono apa ndi pamene ndinalakwa ine mwini. M'malo moyankha kuti, "Sindirikuona kanthu, jambulaninso," ndinayankha kuti, "Aoneka ngati kapuci, ndidzafika Lacisanu." Mvula inagwa usiku ndi usana, mtsinje unadzaza, ndipo ndinaoloka patapita masiku 9. Sanali kapuci iai. Inali nchemberezandonda yacilendo ija, ndipo inali itakula kale ndi kulowa m'kati mwa nsonga za cimanga, mmene mankhwala safika bwino. Bambo uja sanandinenere mau oipa. Anandilandira, nandipatsa mpando, nandifunsa za kunyumba. Koma nkhokwe yace caka cimeneco sinadzale, ndipo ine cifukwa cace ndicidziwa.

Mbozi imeneyi kwao ndi ku America. Inaoneka koyamba mu Africa caka ca 2016 ku maiko a kuzambwe monga Nigeria, ndipo pa dzinja la 2016 mpaka 2017 inali itafika kale kuno kwathu. Mu December 2017 Boma linalengeza kuti maboma 20 mwa maboma 28 a dziko lino agwa m'tsoka kaamba ka iyo. Mlangizi amaizindikira ndi zinthu ziwiri. Pamutu pace pali mzere woyererapo wonga lemba la Y lozondoka, ndipo ca kumcira kuli madontho akuda anai okhala monga ngondya zinai za nyumba. Madontho amenewa ngang'ono zedi, osaposa njere za mawere. Ndiwo amene ndinalikuwafuna pa cithunzi cija, ndipo ndiwo amene anatayika panjira.

Kodi anatayika bwanji, popeza lamya iribe thumba lobooka? Kuti timvane, tiyambe taona cimene cimacitika m'kati mwa kamera.

Akuru-akuru akumbukira makamera akale a filimu. Wojambula ankapita ndi filimuyo ku tauni kukatsukitsa, ndipo munthu unkadikira mwezi kuti uone nkhope yako. Kamera yamakono, ngakhale ya m'lamya, iribe filimu. M'malo mwace muli kagalasi kakang'ono kodzala ndi timaso tambiri-mbiri toyesa kuwala. Kadiso kali konse kamapereka kadontho kamodzi ka cithunzi, ndipo kadonthoko dzina lace ndi pikiseli. Kamera imene alemba kuti nja mamegapikiseli 12 iri ndi timadontho 12,000,000. Ganizani munda wa mizere 3,000, ndipo mzere uli wonse uli ndi mapando 4,000: ndi mmene cithunzi cimakhalira. Woyamba kupanga kamera yotere anali Steven Sasson wa kampani ya Kodak ku America, caka ca 1975. Yace inali ndi timadontho 10,000 tokha, yoonetsa kuyera ndi kuda kokha, ndipo cithunzi cimodzi cinkatha masekondi 23 kuti cilembedwe pa kaseti. Lero mwana woweta mbuzi ali nayo m'thumba yoposa imeneyo kutali.

Tsono bvuto ndi ili. Pa kadontho kali konse payenera kulembedwa manambala atatu, onena kucuruka kwa kufiira, kubiriwira ndi buluu. Zonsezi zikalembedwa popanda kutayapo kanthu, cithunzi cimodzi ca mamegapikiseli 12 cilemera MB 36. Khadi la m'kamera lingadzale msanga, ndipo bandulo ya intaneti imene mwagula mutagulitsa nkhuku ingathe ndi zithunzi zowerengeka. Cifukwa cace anthu anzeru anapeza njira zosiyana-siyana zolongedzera cithunzi. Njira zimenezi ndizo mitundu ya mafailo, ndipo mungathe kuidziwa poyang'ana malemba a kumapeto kwa dzina la cithunzi: cina cithera ndi JPG, cina HEIC, cina CR2 kapena NEF kapena DNG, cina TIF, cina PNG.

Mtundu umene tiri nao pafupi-fupi tonse ndi JPG, umene uchedwanso JPEG. Dzinali linacokera ku bungwe la akatswiri limene linaukonza, la Joint Photographic Experts Group, ndipo malamulo ace anatuluka caka ca 1992. Nchito ya JPEG amai aidziwa bwino koposa ife amuna. Mai atenga cimanga m'nkhokwe, acitonola, acikonola mumtondo, apeta gaga, abviika mphale, ayanika, napita nayo kucigayo. Dengu lodzala la cimanga ca m'makoko lasanduka ufa wa m'kambiya. Ufawo ngwopepuka kunyamula, ngwophika lero lomwe, ndipo mlendo ali yense adya nsima yace. Koma gaga wapita kale ku nkhuku ndi nkhumba, ndipo palibe mai amene angabweze ufa kuti ukhalenso cimanga.

Kamera popanga JPEG imapeta comweco. Imagawa cithunzi m'timabwalo ta timadontho 8 m'litali ndi 8 m'lifupi. M'kabwalo kali konse imasunga zazikuru, kuti pano mpowala, apo mpakuda, koma kusiyana kwakung'ono-ng'ono kwa kadontho ndi kanzace imakutaya. Ndiponso, popeza diso la munthu lizindikira msanga kusiyana kwa kuwala ndi mdima koposa kusiyana kwa mitundu, kawiri-kawiri imacepetsanso manambala a mitundu. Potero MB 36 aja atsika kufika pa 3 kapena 4. Kupeta koyambaku sikuoneka ndi maso, ndipo ine sindiri nako mlandu. JPEG yocokera m'kamera nja bwino ndithu, yokwanira nchito zathu zonse za m'munda.

Mlandu uli pa kupeta kaciwiri ndi kacitatu. Pano ndifuna mumvetse bwino, cifukwa ambiri amasokoneza. Kukopera failo kucokera m'kamera kunka m'kompyuta, kapena kupatsirana pa Bluetooth, kapena kusuntha khadi kuika m'lamya yina, sikutaya kanthu ai, ngakhale mucite kakhumi. Kuli monga kusamutsa thumba la ufa losamasula. Koma cithunzi cikatsegulidwa, cikadulidwa kapena kulembedwapo, nicisungidwa catsopano, pamenepo capetedwanso, ndipo nthawi iri yonse pacoka kanthu kena. Potsiriza timabwalo tija ta 8 ndi 8 tiyamba kuonekera poyera. Ndito timabokosi timene ndinaona ine.

WhatsApp nayo, mukatumiza cithunzi mwa njira ya masiku onse, imacepetsa ciwerengero ca timadontho ndi kupetanso cimene catsala, kotero kuti cithunzi ca MB 3 cifika kwa mnzanu citapepuka kwambiri. Sindinena kuti icita nkhanza. Icita dala kuti bandulo yanu ikhalitse, ndipo pa cithunzi ca mwana atabvala yunifolomu yatsopano palibe codandaula. Agogo amzindikira mdzukulu wao. Koma taganizani za mbozi ija. Mnyamata anajambula ali ciimire, kotero kuti mbozi yonse inatenga kamalo kakang'ono pa cithunzi, ndipo dontho lace liri lonse linagwera pa timapikiseli towerengeka. WhatsApp inacepetsa koyamba. Sikirinishoti ya wapampando inatenga cokhaco cimene cinakwana pa galasi la lamya yace. Mzere wofiira unacititsa kuti cisungidwenso, ndipo potumiza kwa ine cinapetedwa kena. Madontho anai aja anapita ndi gaga.

Tsono pali mtundu wina umene makamera akuru ali nao, ndi malamya ena odula, umene ucheka RAW. Awa ndi mau a Cingerezi otanthauza cinthu caciwisi, cosaphika. RAW ndiye cimanga ca m'nkhokwe, makoko ali pomwepo. Akuru anganene kuti ali ngati filimu yosatsuka ija. M'menemo kamera imangosunga manambala monga timaso tija tinayesera, osakonza. Ndipo pali cinthu cimene cinandidabwitsa nditayamba kucimva: kadiso kali konse m'makamera ambiri kamaona mtundu umodzi wokha. Pa timaso tinai tiri tonse, tiwiri tiona kubiriwira, kamodzi kufiira, kamodzi buluu. Nzeru imeneyi anaipeza Bryce Bayer, wa ku Kodak komweko, ndipo kalata ya umwini wace inatuluka mu 1976. Mitundu yotsalayo kamera imacita kuwerengera poyang'ana timaso toyandikana. Popanga JPEG kamera iwerengera yokha nthawi yomweyo. M'failo ya RAW nchitoyo idikira munthu kuti adzaicite pa kompyuta, modekha, monga afunira iye.

Ubwino wa RAW ngwakuti asunga zambiri. JPEG iwerenga makwerero 256 kucokera pa mdima kufika poyera pa mtundu uli wonse, pamene RAW ya makamera ambiri iwerenga 4,096 kapena 16,384. Cifukwa cace ngati mwajambula masana dzuwa liri paliwombo, ndipo m'kati mwa nsonga ya cimanga mwada bii, munthu wa RAW angathe kuwalitsa mdimawo napeza cimene cinabisala, pamene wa JPEG apeza zocepa. Koma mabvuto ace ngambirinso. Failo imodzi ingalemere MB 20 kapena 30 kapena kuposa. Kampani iri yonse iri ndi mtundu wace-wace: Canon ali ndi CR2 ndi CR3, Nikon ali ndi NEF, Sony ARW, Fujifilm RAF. Mu 2004 kampani ya Adobe inatulutsa DNG pofuna kuti pakhale mtundu umodzi wa onse, ndipo malamya ambiri amene ajambula RAW atsata umenewo, koma makampani akuru a makamera sanasiye yao. Lamya wamba kawiri-kawiri siitsegula mafailo amenewa. Ine maganizo anga ngakuti RAW tiwasiyire ojambula a malonda ndi anthu onga akatswiri ofufuza za mbeu a ku Chitedze kapena ku Bvumbwe, amene angafune kuyesa mtundu wa tsamba mosaphonya. Ife a m'mudzi satipindulira kanthu. Ndipo mukalemba munthu ganyu yojambula pa ukwati, mumuuziretu kuti akupatseni zithunzi za JPEG, mungalandire cimanga ca m'makoko tsiku limene mufuna nsima.

Komabe pali phunziro limodzi limene RAW atipatsa, ndilo la mitundu. Kuwala kwa dzuwa sikufanana tsiku lonse. Madzulo kumafiirira, ndipo pamthunzi wa mtengo kumakhala ngati kwa buluu. Kamera imacita kuganizira kuti coyera ceni-ceni nciti, ndipo m'JPEG ganizo limenelo laphikidwira pamodzi ndi cithunzi. Tsono ife alangizi timadalira mtundu wa tsamba. Cimanga cosowa cakudya ca nayitrojeni cimayamba cikasu pa masamba a m'munsi, kucokera kunsonga kutsata msempha wa pakati. Cosowa fosifolasi masamba ace amafiirira moderako, makamaka cikali cacing'ono. Munthu akajambula dzuwa lirikulowa, munda wabwino-bwino uoneka wacikasu, ndipo mlangizi wopupuluma angamuuze kuti agule feteleza wosafunika. Mankhwala ace ngapafupi. Thyolani tsamba lodwala ndi lina lamoyo, muwagoneke pamodzi pa pepala loyera la m'kope la mwana wa sukulu, ndipo mujambule kunja pamalo owala koma osaomba dzuwa leni-leni. Pepalalo likaoneka lacikasu pa cithunzi, ine ndidzadziwa kuti wanama ndi kamera, si tsamba.

Mtundu wina umene wayamba kutisautsa m'maofesi ndi HEIC, umene ucheka HEIF. Unakonzedwa mu 2015, ndipo kuyambira 2017 malamya a iPhone anayamba kusunga zithunzi mwa njira imeneyi. Malamya ena a Samsung ali nao, ndi makamera ena atsopano a Canon ndi Sony. Nawonso umapeta monga JPEG, koma mwaluso loposa, kotero kuti cithunzi cokongola cimodzi-modzi cilemera pafupi-fupi theka. Coipa cace ncakuti makompyuta akale sautsegula. Mwana wanu wa ku Johannesburg akakutumizirani lamya yotere, ndipo mufuna kupereka zithunzi za munda wa citsanzo ku ofesi, pemphani wodziwa kuti alowe m'makonzedwe a kamera nasankhe mau akuti Most Compatible. Ikatero idzayamba kujambula JPEG.

Za TIFF ndi PNG sindicurutsa mau. TIFF ngwakale, wa 1986, ndipo kawiri-kawiri sataya kanthu, cifukwa cace ngwolemera. Akonda ndi osindikiza mabuku, ndipo makamera owerengeka okha ndiwo ali nao. PNG, wa 1996, nayenso sataya kanthu, koma makamera sajambula nao. Mudzakomana nao pa masikirinishoti a malamya ambiri ndi makompyuta. Wina angati, "Ngati PNG sataya kanthu, sikirinishoti iri ndi mlandu wanji?" Mlandu wace ngwakuti isunga mokhulupirika cinthu cimene cacepa kale. Galasi la lamya liri ndi timadontho tocepa kwambiri poyerekeza ndi kamera yace yomwe.

Pali cinanso cimene ambiri sacidziwa. M'kati mwa failo ya cithunzi kamera imalembamo kakalata kobisika, kochedwa Exif, kamene makampani a ku Japan anayambitsa mu 1995. Kakalatako kanena tsiku ndi ora limene munajambula, mtundu wa kamera, ndipo ngati munalola lamya kudziwa malo, kanenanso pamene munaima. Kwa ife ncothandiza kwambiri. Mbozi ikaoneka, tidziwa munda wace ndi tsiku lace popanda kukangana. Koma muonetsetse kuti tsiku la m'kamera nloona, popeza makamera ena akakhala nthawi yaitali opanda batire amabwerera ku caka cakale. Cithunzi cotumizidwa pa WhatsApp mwa njira wamba cimafika kakalatako katacotsedwa, koma failo yathunthu imapita nako. Cifukwa cace cenjerani. Kwa mlangizi tumizani yathunthu. Koma ngati mulikutsatsa ng'ombe kwa munthu wosamdziwa, musampatse failo yonena pamene pali khola lanu.

Tsono mukapeza kacirombo kapena nthenda m'munda, citani motere. Pukutani diso la kamera ndi nsaru yofewa, popeza lamya yokhala m'thumba limodzi ndi mtedza wokazinga siona bwino. Musajambule muli ciimire, ndipo musakoke cithunzi ndi zala kuti ciyandikire, cifukwa m'malamya ambiri kutero ndi kungodula m'mbali ndi kutaya timadontho. Gwadani pansi. Mbozi siiluma. Itulutseni m'nsonga, muiike pa cikhato kapena pa pepala, pambali pace muikepo mtengo wa macesi kuti ndidziwe kukula kwace. Yandikizani lamya mpaka mboziyo itenge malo akuru, gwirani pa galasi pamene pali mbozi kuti kamera iyang'ane pomwepo, ndipo mujambule kumutu kamodzi, kumcira kamodzi. Pambuyo pace imirirani mujambule phesi lonse, ndi munda wonse, kuti ndione kuti bvuto lafalikira motani.

Potumiza, musadule, musalembepo mizere, musacite sikirinishoti. Ngati mufuna kundilozera kanthu, lembani mau pansi pace kapena lankhulani. Pa WhatsApp pali njira ziwiri zabwino. Kuyambira 2023 pamwamba pa cithunzi pamaoneka malemba akuti HD. Mukawagwira cimapita cocepetsedwa pang'ono pokha. Koma njira yoposa ndiyo kugwira kacizindikiro kophatikizira zinthu, kusankha mau akuti Document, ndi kupeza cithunzi canu m'menemo. Cikatero cipita cathunthu monga cinatulukira m'kamera. Inde cidya bandulo yambiri, MB 3 kapena 4, cifukwa cace sankhani cimodzi kapena ziwiri zooneka bwino koposa, zotsalazo zipite mwa njira wamba. Apampando a makalabu, mukalandira cithunzi ca mlimi, mpatseni nambala ya mlangizi kuti atumize yekha kucokera m'lamya imene inajambula.

Kwa alangizi anzanga ndinena ici: cithunzi cikafika cosaoneka, nenani kuti sicioneka. Ine tsopano ndimatero, ngakhale ena amayesa ndirikuwanyoza. Bambo wa kutsidya uja caka cino watumiza kale kawiri. Mdzukulu wace anagwada m'matope, ndipo madontho anai ndinawawerenga ndiri pakhonde panga, cimanga cikali ndi masamba asanu. M'mawa mwace tinali m'munda.

Sabata ya mawa, Mulungu akalola, tidzabwerera ku nkhani ya kubandira. Amene muli ndi mafunso lembani kalata kwa Mkonzi, kapena mundipeze pa tsiku la msika.

Ine wanu,
MLANGIZI